Usanagwire Chikoti, Yamba Watsika Pangolo

Mdzukulu wanga, ndamva kuti atsibweni ako akusiyira ngolo ndi abulu aja kuti chaka chino uziyendetsa ndiwe. Zili bwino. Kumanga ziweto pangolo sikuvuta kuphunzira, kukhota pamphambano nakonso udzazolowera msanga. Woyendetsa ngolo weniweni amadziwika tsiku limene chiweto chaima nji pakati pa njira n'kukaniratu kusuntha. Tsiku limenelo lidzakupeza ndithu, ndipo limasankha malo oipa: pachitunda chotulukira kudambo, ngolo itadzaza matumba a chimanga, dzuwa lili paliwombo, anyamata a kabaza ataima pambali n'kumakuseka.

Dzanja lidzathamangira chikoti lokha. Oonerera nawo sadzasowa nzeru zokupatsa. Wina adzati, "Kwapula, n'chamakani chimenecho!" Wina adzati upotokole mchira, wina adzati uulume, ndipo alipo ena ouma mtima amene amakoleza udzu pafupi ndi mimba ya ng'ombe yogona. Usamvere ndi mmodzi yemwe. Tsika. Tola miyala iwiri yaikulu uike kuseri kwa mateyala, chifukwa kwathu kuno malo athyathyathya ndi osowa. Kuchokera pa Chezi kulowera ku Mvera, kaya kukwera cha ku Nalunga mpaka kumapiri a Ntchisi, njira ndi yokwera ndi kutsika basi. Ngolo yodzaza ikayamba kubwerera chambuyo imakoka ziweto pakhosi, ndipo bulu amene zamuchitikira zimenezi saiwala malowo. Mwala ukagwira teyala, kulemera kumachoka pakhosi, chiweto chimapeza mpweya, nawenso mtima umakhala pansi. Ngati waima patala pamsewu wa ku Salima, tuma mnzako athyole nthambi akaike patali ndithu, kumtunda ndi kumunsi komwe. Lole yotsika chitunda itasenza katundu siima pafupi.

Tsono umudziwe bulu. Makolo ake ndi abulu akutchire a m'mapiri ouma ndi amiyala a ku Ethiopia, Eritrea ndi Somalia, kumene kuthamanga mwaphuma n'kudzithyola mwendo. N'chifukwa chake akaopa kanthu safulumira kuthawa monga imachitira hatchi. Amaima, amatchera makutu, amanunkhiza, amayesa kaye ngati kutsogoloko n'kwabwino. Ife timangoti makani. China n'chakuti bulu ndi wobisa ululu. Mbuzi ikapweteka mudzi wonse umadziwa, koma bulu amakoka ngolo ali ndi bala, osadandaula, mpaka tsiku limene mphamvu zathera pomwepo. Ukaona bulu wazolika mutu, makutu agwera m'mbali, msipu ali nawo pafupi koma sakudya, dziwa kuti matenda adayamba kale, iwe ndiwe wachedwa kuona.

Ku Sande sukulu udamva za Balamu, pa Numeri 22. Bulu wake adapatuka m'njira n'kulowa m'munda, Balamu adamukwapula. Adadzikanikiza kukhoma mpaka kupana phazi la mbuye wake, adamukwapulanso. Kachitatu adangogona pansi, ndodo idaliranso, pomwe kutsogolo kudaima mngelo ndi lupanga amene mneneriyo sankamuona. Nkhaniyi ili m'Buku Lopatulika limene ntchito ina yolimasulira idachitikira pa Mvera pompa, lisanatuluke lathunthu mu 1922, koma zikuoneka kuti ife oyandikana ndi Mvera ndi amene tikuchedwa kuimvetsa. Sindikuti pakamlatho ka kudambo pamaima mngelo. Ndikuti bulu amaona, kumva ndi kununkhiza zinthu zimene iwe wokhala pamwamba pa matumba sungazidziwe.

Yambira kumiyendo. Ima pambali pake, tsetsereza dzanja kuchokera paphewa kutsika nalo, unyamule chiboda chimodzichimodzi. Njira zathu n'zamiyala, ndipo kamwala kakang'ono kakalowa m'mphako ya chiboda n'kokwanira kuimitsa ulendo. Uzikhala ndi kamtengo kosongola kochotsera dothi ndi miyala. Gwira chibodacho ndi chikhatho. Ngati china chikutentha kuposa zinzake, kapena chiweto chikuchiyendera mosamala, mkatimo mukhoza kukhala mafinya, ndipo tsiku limenelo ntchito yatha. M'dzinja ununkhizenso. Chiboda chonunkha, chotuluka zakuda, n'cha chiweto chogona m'khola la matope. Bulu ndi nyama ya kouma, matope samuyanja, ngakhale ubweya wake sutchinga mvula bwino, choncho khola lake lifunika denga ndi pansi pokwera. Ziboda zimakulanso. Zikatalika n'kuyamba kupindikira m'mwamba, bulu amapondera chidendene, ndipo pachitunda sangakanikize pansi. Peza munthu wodziwa kusenga ziboda, usangotenga chikwanje.

Kenako khosi, ndipo pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene abulu ambiri a m'dera lino akuzunzikira. Goli lidapangidwira ng'ombe. Ng'ombe yathu yachikuda ili ndi linunda ndi khosi lochindikala, goli limakhala patsogolo pa linundalo n'kupeza pokankha. Bulu alibe linunda. Mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Anthu atayamba kugula abulu adangotenga goli lomwe lidalipo kale, lija la ng'ombe, n'kuwakoleka, ndipo ana adakula akuona zimenezo n'kumayesa ndiye kamangidwe kake. Mtengowo umakhala pamwamba pa khosi lopyapyala, umapekesa khungu mpaka chilonda, chingwe cha kunsi n'kumafinya kholingo pamene chiweto chikufuna mpweya wambiri, pachitunda. Iwe tamangirira chingwe pakhosi pako ukoke thumba la feteleza kuchokera pamsika wa Chezi kukwera nalo mtunda, uone ngati sudzaima. Ukaona mabala a ubweya woyera pakhosi pa bulu, amenewo ndi malo a zilonda zakale. Ukaona ntchentche zikuunjikana pansi pa goli, usachite kufunsa chimene waimira.

Chofunika ndi malamba: lamba wotambalala wodutsa pachifuwa wokokera, kachishalo kofewa pamsana konyamula kulemera kwa mtengo wa ngolo, ndi lamba wina wozungulira kumatako woletsa ngolo kugunda miyendo potsika. Wachitatuyu ambiri amamuiwala, komatu bulu wokana kutsika chitunda kawirikawiri amakhala kuti ngolo idamugundapo kumbuyo. Malamba sachita kufuna ndalama zambiri. Telala wa pamsika akhoza kusoka ndi chinsalu cholimba, mkati n'kuikamo bulangeti lakale. Chokhudza khungu chikhale cha thonje kapena ubweya. Thumba la feteleza, chingwe cha nayiloni, waya ndi mphira wa teyala wosakuta zimadya khungu likanyowa ndi thukuta. A bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe akhala akuphunzitsa eni abulu kamangidwe kameneka, ndipo alangizi a ziweto akhoza kukulozera wina amene adaphunzira. Atsibweni ako akadzati makolo ankamanga ndi goli, uwayankhe mwaulemu kuti makolowo ankamanga ng'ombe. Chilonda chikakhalapo kale, tsuka ndi madzi oyera othira mchere pang'ono ndipo chiweto chipume mpaka chipole. Oyilo wakuda wa galimoto ndi phala la m'mabatire zimene anthu amapaka zija ndi poizoni.

Ukachoka pakhosi, yang'ana ngolo, ndipo uwerenge moona mtima. Matumba 10 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 500. Onjezapo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo, iweyo, ndi anzako awiri amene adakwera panjira poti ndi achibale. Katundu amene abulu awiri amayenda naye bwinobwino m'chigwa cha ku Salima kapena cha ku Madisi si katundu wa mapiri athu ano. Mchenga ndi njerwa ndiye zonyenga kwambiri, zimaoneka zochepa m'ngolo koma kulemera kwake n'koopsa, makamaka mchenga wonyowa wa kumtsinje. Kapakiridwe nakonso kali ndi mawu. Ngolo ya mateyala awiri imafuna katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo. Akapita kutsogolo amapsinja makosi, akapita kumbuyo mtengo umanyamuka n'kumakoka ziweto m'mwamba mpaka miyendo yakutsogolo kusowa pogwira. Gwedezanso mateyala. Teyala lophwa ndiponso beringi yolira chifukwa chosowa girizi zimawonjezera ntchito imene chiweto sichidalembedwe. Kupopa mateyala pa okonza njinga n'kotchipa kuposa kugula bulu wina.

Zonsezi zikakhala bwino, yang'ana komwe makutu aloza. Maso a bulu ali m'mbali mwa mutu, amaona malo otambalala, koma pafupi penipeni ndi mphuno ndiponso kumbuyo kwenikweni saona. Chithaphwi chonyezimira sadziwa kuya kwake. Mlatho wa mitengo umamveka mphako pansi pa ziboda. Jumbo yowuluka ndi mphepo, mthunzi wakuda wa ngalande, fungo la nyama yofa m'tchire, zonsezi kwa iye n'zofunika kuzilingalira. Kwathu kuno wonjezapo ng'oma ndi zilombo zochokera kudambwe. Gule akamadutsa, patutsa ngolo, gwira ziweto kumutu, udikire. Ndi ulemu umene ukadayenera kupereka kale, bulu wangokukumbutsa.

Chiweto chamantha chimafuna nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masula chingwe pang'ono kuti chitsitse mutu, chinunkhize. Dutsa pamalopo iwe mwini chikuona, ubwerere, udutsenso. Ngati pali ngolo ina ya ziweto zozolowera, ipemphe itsogole, zako zidzatsata. Ukachikwapula pamalo amene chikuopa, chimaphunzira kuti mantha ake adali oona, kuti pamlatho paja pamapwetekadi. Mawa chidzaima patali mlathowo chisanaufike.

Pofuna kuyambanso ulendo, usaime kutsogolo n'kumakoka chingwe. Bulu ukamukoka amakhalira kumbuyo, ndipo pa mpikisano umenewo sudzapambana, amakuposa kulemera ndi kuleza komwe. Ima cha paphewa pake, nkhope yako iloze komwe mukupita. Mukhotetsere mutu kumbali pang'ono, kapena kankha mtengo wa ngolo cham'mbali, kuti asunthe mwendo umodzi pofuna kuima bwino. Mwendo ukangosuntha, pompo lekerera chingwe, mulankhule mofatsa, mukande pakhosi. Chinsinsi chonse chili pa kulekerera kumeneku. Chiweto chimaphunzira pa nthawi imene kukanikiza kwatha. Ukapitiriza kukoka ndi kukuwa chitayamba kale kuyenda, wachiuza kuti kuyenda ndi kuima n'chimodzimodzi, nanga chivutikirenji? Mawu ako akhale amodzi tsiku lililonse, "tiye" akhale "tiye", asasanduke mluzu lero, mawa mwano. Pachitunda, anzako akankhe ngolo pa nthawi yomwe wanena mawuwo, wina akhale ndi mwala m'manja okonzeka kutsekera mukaimanso. Njira ikakhala yotambalala ndipo kulibe galimoto, kwera mokhotakhota. Ndipo upumitse ziweto iwe mwini zisanaime zokha, kuti kuima kukhale lamulo lako.

Zikakanika, tsitsa theka la katundu, ukweze ngolo pamwamba, ubwerere kudzatenga wotsalayo. Anthu adzaseka. Aleke aseke, pofika madzulo adzakhala atapeza wina womuseka.

Za ng'ombe ndinene pang'ono, poti tsiku lina udzagwira za aneba. Ng'ombe imafuna nthawi yodya ndi nthawi yogona pansi kubzikula. Ukaimanga mbandakucha n'kuimasula dzuwa litapendeka, yadya liti? Vuto lalikulu limadza mu Okutobala ndi Novembala. Msipu watha, osaka mbewa atentha tchire, ziweto nthiti zili pamtunda, ndiye nthawi yomwenso aliyense akufuna ngolo ya manyowa, njerwa ndi feteleza. Wanzeru amasunga mapesi ndi masamba a mtedza pa nthawi yokolola, n'kumawonjezera madeya ndi kamchere. Miyezi yotenthayi uzinyamuka kusanache, pofika 10 koloko ziweto zikhale pamthunzi. Ng'ombe ikagona m'goli, ikupuma mwabefu, dovu lili chuchuchu, chotsa goli msanga, ithire madzi pathupi, ipatse akumwa. Papasa kunsi kwa khutu ndi patsogolo pa phewa. Ukapeza zotupa, thupi likutentha, ganizira matenda obwera ndi nkhupakupa amene a zaziweto amawatcha East Coast Fever. Amapha msanga, itana alangizi tsiku lomwelo. Katemera wake amapangidwa ku Lilongwe, ndipo kusambitsa ziweto mankhwala a nkhupakupa si mwambo wa azungu, n'kuteteza chuma. Usamangenso pamodzi ng'ombe yaitali ndi yaifupi, goli limapendekera kwa yaing'onoyo, ndiye imene idzayambe kuima.

Bulu naye amamva ludzu ngakhale anthu amati ndi wopirira. Tsiku lotentha akugwira ntchito akhoza kumaliza ndowa ya malita 20, koma ndi waukhondo, madzi a matope kapena a m'chigubu chonunkha dizilo amangowanunkhiza n'kutembenuka. Wamkazi amatenga bere pafupifupi miyezi 12, ndipo miyezi yomalizira sayenera kukoka. Amene wasiya mwana kukhola mtima wake uli komweko, adzaima n'kumalira kuyang'ana kumbuyo. Mwana wa bulu asamangidwe pangolo asanakwane zaka 3, ndipo katundu wolemera adikire chaka china, mafupa akhwime. Abulu amakondananso awiriawiri. Ukawalekanitsa ozolowerana, wotsalayo akhoza kuleka ngakhale kudya.

Sindikukana, chilipo chiweto chimene chili bwinobwino koma chidaphunzira kuima. Chimaima pachipata potuluka, kapena pamphambano yolowera kwawo, chifukwa tsiku lina chidaima pamenepo woyendetsa n'kugonja, kuchibweza kukhola. Kudali mkulu wina kuno amene adagulitsa abulu ake, wogulayo n'kumadabwa kuti nthawi zonse akafika pakhomo lina amaima okha, osasuntha mpaka papite kanthawi. Atafufuza adapeza kuti ndi pamene pankatchezedwa kachasu, ndipo mwini wakaleyo sankadutsapo osalawa. Abuluwo adangosunga mwambo. Chiweto chotere mankhwala ake si chikoti. Pita nacho pamalopo ngolo ili yopanda kanthu, tsiku limene sukuthamangira kulikonse. Usanafike pomwe chimaimira, yamba kuchilimbikitsa ndi mawu chikadayenda, chifukwa kupitiriza n'kosavuta kuposa kuyambitsa. Chikaima, chisunthe cham'mbali monga ndanenera, ngakhale kuzungulira nacho, koma osachilozetsa kwawo. Mukadutsa, pitani patsogolo pang'ono, muime mwa kufuna kwako, uchipatse kamadeya m'manja. Pobwera kunyumba usamachimasule nthawi yomweyo pachipata. Nthawi zina dutsa pakhomo, uzungulire, ubwerere. Ndipo woyendetsa akhale mmodzi. Ngolo yobwerekedwa kwa aliyense imabwera ndi ziweto zosokonezeka mutu.

Kamtengo kopyapyala kokhudzira pathako ngati chizindikiro sindikaletsa. Ndikuletsa kumenya, makamaka kumutu. Abulu ambiri a diso limodzi amene umawaona pamsewu sadabadwe choncho. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, koma ngakhale wapolisi asakuone, nkhuyu zodya mwana zimapota akulu: iwe udzakwapula, atsibweni ako ndiwo adzagule mankhwala kapena bulu wina.

Mwina udzafunsa za hatchi, poti anyamata ambiri a kwathu akapita ku South Africa amapeza ntchito yosamalira mahatchi m'makola a eni mafamu ndi a mipikisano. Kuno hatchi n'zosowa. Matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma madzulo amapha mahatchi kwambiri pomwe abulu amapirira, ndipo cha kumalire ndi nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe. Hatchi udzaziona ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene alendo amakwera. Ukadzapezeka pamsana pa hatchi yokana kupita patsogolo, mafunso ndi omwewa: chishalo chikupweteka msana kodi, chitsulo cha m'kamwa chikulasa, ziboda zili bwanji, yaona chiyani, kapena ikufuna kubwerera kwa zinzake. Kusiyana n'kwakuti hatchi ikapanikizika siingoima, ikhoza kubwerera chambuyo kapena kuimirira ndi miyendo iwiri, ndipo ikagwa chagada imagwera wokwerayo. Wokwera wamantha amakoka zingwe kwinaku akugunda ndi zidendene, kutanthauza kuti "ima" ndi "pita" nthawi imodzi. Lekerera zingwe, khala mowongoka, yang'ana komwe ukupita, finya ndi miyendo pang'ono, ikaponda phazi limodzi leka kufinya. Ikakanabe, tsegulira chingwe chimodzi kumbali izungulire. Ukamva kutsogolo kukupepuka ngati ikufuna kunyamuka, weramira kutsogolo, usakoke. Kutsika n'kuitsogolera pansi si manyazi.

Mdani wamkulu wa ziweto zako adzakhala malipiro a paulendo. Mwini njerwa amalipira ngolo iliyonse yofika, mwini fodya akufuna mabelo ake afike pamsewu lole yopita ku Kanengo isananyamuke, ndipo iwe udzayamba kuwerenga maulendo m'malo moyang'ana makosi. Pangana mtengo usanapakire, ndipo unene poyera kuti panjira yakutiyakuti umanyamula matumba angati. Akati ena amanyamula ochuluka, auze akaitane enawo. Madzulo aliwonse ukamasula, yendetsa dzanja pakhosi, pachifuwa, pamsana ndi m'miyendo monse, uone ngati chiweto chadya ndi kumwa, uonenso ndowe zake. Chilichonse chachilendo ukawauze atsibweni ako usiku womwewo, ngakhale ukuopa kuti akalipa, ndipo nambala ya foni ya alangizi a ziweto a dera lino ikhale m'foni mwako ngolo isanatuluke pachipata.